Miphika Yoboola ya Nachisale

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwa, ndinaweta mbuzi, sukulu ndinalekera Sitandade 5. Zatha. Ndilemba za ntchito, chifukwa ndiyo inakuvekani ndi kukuphunzitsani, ndiponso chifukwa ena a inu mumayankha monong'ona anthu akakufunsani kuti bambo anu ankagwira chiyani. Muziyankha mokweza. Ndinali wa maluwa. Mwakhalanso mukumva akuluakulu a pa boma akunditcha a Chidyamakala, inu n'kumaseka osadziwa kumene dzinalo linachokera. Lero mudziwa.

Ku mishoni, ufulu utangobwera

Ntchito yanga yoyamba inali pa mishoni ina cha ku Kachebere, kufupi ndi malire a Zambia. Ndinalowa ngati wotchetcha udzu. Bwana wanga anali Bulaza wachizungu amene tinkamutcha Bulaza Chipewa, poti chipewa chake ankachivula m'tchalitchi mokha. Munthuyo anali ndi khonde lotchinga ndi magalasi, ndipo m'menemo ankasungamo maluwa amene iye ankawatcha okidi. Ena anabwera nawo kuchokera kutali. Ena anali a m'mapiri athu omwewa a Mchinji, aja amamera pa nthambi za mitengo, mizu yake yoyera ili lende panja, maluwa ake achikasu amawangamawanga ngati kambuku. Ife tinkawapitirira m'tchire osawayang'ana n'komwe. Sadyedwa.

Ataona kuti manja anga ndi odekha ndipo sindilankhula zambiri, anandichotsa ku udzu n'kundilowetsa pakhondepo. Tsiku loyamba ndinasuzumira m'miphika yake. Munalibe dothi. Munali makungwa, makala ndi zidutswa za njerwa. Ndinamumvera chisoni mzunguyo. Mumtima ndinati, munthu wa ndevu zonsezi sadziwa kuti mbewu imafuna nthaka. Ndinamuuza mwaulemu kuti kuseri kwa khola kuli dothi lakuda lamanyowa, ndikhoza kukatapa.

"Gerevazio," anatero, "duwa ili limamera kuti?"

"Mumtengo, Bulaza."

"Mumtengo muli dothi?"

"Mulibe."

"Nanga ukufuna kuliika m'manda chifukwa chiyani? Lakulakwira?"

Phunziro lonse ndi limenelo, zina n'zongowonjezera. Muzu wa duwa limeneli umapuma ngati munthu. Umafuna kunyowa, kenako kuuma. Zimene umaika mumphika si chakudya chake ayi, ndi zongoligwira kuti liime, monga nthambi imaligwirira kutchire. Ukathira madzi, azidutsa n'kutuluka pansi iwe ukuona. Akachedwa mumphika, muzu umada, umafewa, umanunkha, ndipo masamba amakwinyika ngati duwalo lili ndi ludzu. Wosadziwa amawonjezera madzi, n'kulimaliziratu. Bulaza anandiphunzitsa kunyamula mphika kuti ndimve kulemera kwake, kupisamo chala, ndi kununkhiza. Ukamva fungo la kudambo, zinthu zaipa. Anandiuzanso kuti maluwa amenewa ndi pachibale ndi chikanda chimene amayi amakumba kudambo n'kukagulitsa kwa anzathu a ku Zambia. Ine ndinati, "Ndiye awa ndi abale aulesi, angokhala m'mwamba osadyedwa." Anaseka mpaka chipewa chinagwa. Ndi tsiku lokhalo limene ndinaona dazi lake kunja kwa tchalitchi.

Atakalamba anamuitana kwawo. Asanapite anandigawira ena mwa maluwa ake, ndipo anandilankhulira kuti ndikalowe ntchito pa nyumba yogona alendo a boma, imene tinkaitcha resitihausi. Miphika inali ya mishoni, inatsala. Ine ndinatsika ku boma pa lole ya mtedza, maluwa nditawakulunga m'ziguduli zonyowa.

Pa boma, m'ma 1970

Pa pepala la ntchito analemba kuti gadeniboyi. Nthawi imeneyo ndinali ndi mkazi, mayi anu Nabanda, ndi ana atatu. Sindinatsutse. Ndinkadziwa ndekha kuti ndine ndani.

Woyang'anira resitihausiyo anali a Msiska, a ku Rumphi, munthu womanga tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Ankayenda m'zipinda akuyendetsa chala pa mawindo kufunafuna fumbi. Tinkamvana, poti tonse awiri sitinkakonda macheza. Ataona maluwa anga anati awa ndiwo adzaika nyumba ino patsogolo pa ina yonse m'chigawo chapakati, ndipo anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa khitchini. Ndi m'nyumba imeneyo munabadwira atatu omalizira. Muzikumbukira kuti denga limenelo linabwera ndi maluwa.

Vuto linali zoikamo. Ku mishoni makungwa a paini ankabwera m'matumba pa lole. Pa boma panalibe. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa mosinthana, mwezi uno parafini, mwezi wamawa sopo. Ndinapempha a Msiska kuti aitanitse makungwa.

"A Mbewe," anatero, "mababu a magetsi ndalephera kuwapeza, ndiye ndikauze akuluakulu ku Lilongwe kuti atumize makungwa? Adzati ndayamba kumwa."

Ndinayamba kuyesa zathu zomwezi. Zitsononkho za chimanga zinaoneka zabwino poyamba, zopepuka, mphepo ikudutsa. Mvula itafika zinamwa madzi, zinachita chuku, chiswe n'kubwera kudzathokoza. Makoko a mtedza, amene kuno ku Mchinji timangowaponda, anaola msanga n'kugwirana. Utuchi wa kwa akalipentala ndiwo unaposa zonse kuipa, unasanduka matope. Sindinkayesera pa duwa lalikulu. Ndinkapatula kamphukira kamodzi, kakafa ndi kamodzi komweko. Potsiriza ndinabwerera kumene maluwawo amachokera. Ndinakwera phiri, ndinasenda makungwa a msuku wouma wokha, osati wauwisi, poti wauwisi uli ndi utomoni. Ndinkawadula tizidutswa tofanana ndi mutu wa chala chachikulu, n'kuwawiritsa mumgolo kuti tizilombo tife. Makala ndinkasankha a mtengo wolimba, aja amalira ukawagogoda, n'kuwatsuka mpaka madzi ayere, chifukwa phulusa limaotcha mizu. Pansi ndinkaika zidutswa za njerwa yootcha kuti mphika usagwe ndi kulemera kwa duwa. Ndinaonanso chinthu chimene Bulaza sanandiuze, poti khonde lake la magalasi lija linali ndi mawindo olowetsa mphepo: m'chipinda chotseka zinthu zimachedwa kuuma. Choncho duwa la m'nyumba limafuna zidutswa zokulirapo kusiyana ndi la panja, ndi madzi ochepa.

Chotsala chinali miphika. Zitini za parafini zinkachita dzimbiri ndi kutentha. Ndinkafuna miphika yadothi ya mabowo pansi ndi m'mbali. Anthu anandilozera kwa Nachisale, mayi wachikulire wa ku Dambe, woumba wodziwika dera lonselo. Ndinapalasa njinga. Ndinawapeza akukanda dongo kuseri kwa nkhokwe. Titapatsana moni ndinafotokoza chimene ndabwerera. Anasiya dongolo n'kundiyang'ana.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye mukukonzeratu za yani?"

Inu okulira m'tauni mwina simudziwa. Kwathu kuno munthu akamwalira, mphika wake, mbale ndi kapu amaziboola pansi n'kuziika pamtumbira. Chiwiya choboola dala si cha amoyo. Ine ndinkadziwa zimenezi monga aliyense, koma zaka za pakhonde la Bulaza zinandizoloweza maso, moti ndinkangoona mphika wa maluwa basi.

Ndinawafotokozera za mizu yopuma. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "A Mbewe, azungu anakuonongani mutu, koma nkhope yanu si ya munthu woipa. Kuumba ndiumba. Kuboola muboole nokha, dzanja langa lisakhalepo." Ndinabweranso tsiku limene anandiuza, dongo lisanaume, nditasongola kansungwi kanga. Ine ndikuboola, iwo anakhala chondifulatira akusenda mtedza. Ponditsanzika anati, "Akadzakugwirani musadzanditchule." Tonse tinaseka.

Miphikayo inali yabwino. Mizu inatuluka m'mabowo n'kukumbatira dothi lootchalo ngati nthambi. Maluwa anasangalala. Ankakhala pakhonde lakumbuyo, ndipo akamasula ndinkalowetsa amodziamodzi m'chipinda chodyera. Alendo athu ambiri anali a maofesi ndi madalaivala a malole opita ku Chipata. Ankayang'ana maluwa, za mphika analibe nazo ntchito.

Sabata ya mlendo wamkulu

Chaka china, chilimwe chitafika pakati, tinamva kuti Nduna ibwera ku msonkhano wa chipani ndipo idzagona kwathu. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo mawu a tcheyamani wa chipani ankalemera kuposa a bwana aliyense wa ofesi. Munthu ankatha kutengedwa kuti akafunsidwe mafunso, banja lake n'kutha zaka likudikira kuti mafunsowo athe. Sindiwonjezera. Amene analipo akudziwa.

Maluwa a kambuku aja anali atamasula kuposa zaka zonse. A Msiska anati ndiike abwino kwambiri m'chipinda chogona Nduna, limodzi kumutu kwa bedi. Ndinatero. M'mawa wa tsiku loti Nduna ifika mawa lake, kunabwera a Zulu, tcheyamani wa chipani, ndi anyamata awo a malaya ofiira, kudzayendera nyumba. A Zulu anali mlimi wa fodya, wamtali, wa mawu aakulu. Sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha, poti Nduna ikanangodzuka ndi mutu, woyamba kufunsidwa akanakhala iwo. Anayang'ana pansi pa bedi, anagwedeza makatani, ananunkhiza sopo. Kenako anaima pa duwa lija.

"Eee, koma lokongola," anatero. Anawerama. Anaona mabowo. Anapisa dzanja mumphika n'kutulutsa khungwa, kenako khala. Mizu yoyera inali itazinga paliponse. Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko.

"A Msiska! Mphika wa kumanda, makungwa, makala, mizu, kumutu kwa Nduna? Waika zimenezi ndani?"

A Msiska anangoima chilili. Tayi yokha ndiyo inkakwera ndi kutsika.

"Ndine, a Tcheyamani," ndinatero.

"Wakutumani ndani?"

"Palibe. Ndi mmene duwa limeneli limakhalira."

"Ine ndalima kuyambira ndili mwana. Chomera chopanda dothi sindinachione. Mphikawu anaboola ndani?"

"Ndinaboola ndekha." Chinali choona. Ndinawathokoza Nachisale mumtima.

A Msiska anandikokera pambali. Ananong'ona kuti, "A Mbewe, chonde, pepesani. Tayani zimenezi, thiranimo dothi, nenani kuti munalakwitsa. Muli ndi ana."

Za ana ndinkazidziwa bwino kuposa iwo. Ndinaganiza za inu, ndi nyumba ya kuseri kwa khitchini, ndi mayi anu amene anali oyembekezera. Koma ndinaonanso kuti ndikapepesa, ndavomera kuti mumphikamo munali choipa. Munthu sapepesa chifukwa cha makala wamba. Akanandisiya tsiku limenelo chifukwa cha kutanganidwa, koma Nduna ikapita akanabwera kudzafunsa kuti ndinkapepesa chiyani, ndipo funso lachiwiri likanakhala la amene anaumba miphika. Ndinabwerera pakati pa chipinda.

"A Tcheyamani, dothi sindithiramo. Limapha duwa. Ndipo sindipepesa, poti palibe choipa chimene ndaika."

Anyamata aja anasendera pafupi. Mmodzi anali atandigwira kale mkono wa malaya. A Zulu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja lili ndi khala lija.

"Ngati si mankhwala, tafunani."

Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ndi mwambo wathu womwewu: wopereka mowa amayamba walawa yekha. Ndinalandira khalalo ndi manja awiri, ndinaliponya m'kamwa. Makala a mtengo wolimba, ana anga, si chakudya. Ndinatafuna, chipinda chonse chikumva kukukuta. Ndinameza. Anandipatsa khungwa. Ndinatafuna, linali lowawa ngati kwinini. Ndinathyola ndekha kansonga ka muzu n'kudya, kuti pasatsale mawu. A Zulu anapisanso dzanja mpaka pansi n'kutulutsa chidutswa cha njerwa.

"Njerwa ayi, a Tcheyamani," ndinatero. "Ntchito ndi ya boma, koma mano ndi anga."

Ndinanena zimenezi milomo ili bii, mano ali bii. Mnyamata amene anandigwira uja anayesa kudziletsa, analephera, anaphulika. Anzake anatsatira. A Zulu analimbana nako kuseka mpaka misozi, kenako anakhala pa bedi la Nduna n'kumadzimenya pantchafu. Atakumbukira kuti akhala pati, anadzambatuka n'kusalaza bulangeti.

"Chabwino, a Chidyamakala," anatero akupukuta maso. "Makala ndi makungwa ndavomera, mwadya ndikuona. Koma mphika woboola sugona ndi munthu wamoyo. Amayi a chipani akadzalowa muno kudzayala n'kuuona, mawu adzafika ku Lilongwe ine ndisanafike kunyumba. Ndibweranso dzuwa likapendeka. Ndisadzapeze mphika woboola pamalo a boma ano, lero kapena tsiku lina lililonse. Ndikaupeza, maluwa kudzala, inu mukwera galimoto yathu."

Pamenepa sindikanawatsutsa. Mantha awo anali oona, ndipo mwambo suthetsedwa ndi kutafuna. Koma mphika wopanda bowo ndi chitsime. Maluwa akanapirira sabata zingapo, kenako n'kuola onse, ndipo popanda maluwawo a Msiska analibe chifukwa chondisungira ine ndi nyumba yomwe. Ndinapita kuseri nthawi ya nkhomaliro mutu uli wolemera.

Mayi anu anali pakhomo akutsuka tomato m'dengu. Atandiona anaika dzanja pakamwa.

"Abambo a Sofiya, mwadya chiyani?"

"Makala."

"Woyembekezera ndine, zolakalaka zagwira inu?"

Ndinawafotokozera zonse. Sanalire, sanakalipe. Ananyamula dengu la tomato lija m'mwamba. Madzi anali chuchuchu kutuluka pansi.

"Mukuti mukufuna chotani? Chodontha?"

"Chodontha, cholowa mphepo."

"Nanga ichi chikutani? Munamvapo munthu akuthawa dengu?"

Sindine munthu wothamanga, koma tsiku limenelo anthu a pamsika anandiona ndikuthamanga. Ndinatenga timadengu tonse ta nsungwi timene ndinatipeza kwa oluka. Masana onse ndinagwira ntchito ndi mayi anu. Duwa lomasula silifuna kuzulidwa, ndipo mizu inali itamatirira ku miphika. Choncho tinkaviika mphika m'madzi kuti mizu ifewe, ine n'kuuswa pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha mpeni, ngati ukuswa dzira lophika. Zidutswa zimene mizu inakana kuzisiya ndinazisiya momwemo, phale ndi phale, silinenanso kuti linali ndi bowo. Tinkanyamula duwa lonse pamodzi ndi makungwa ake n'kulikhazika m'kadengu, kudzaza m'mbali ndi makala atsopano, pansi n'kuikapo mbale yolandira madzi. Mtima unkandipweteka pa mphika uliwonse, poti Nachisale anaumba ndi luso. Mizu imene inathyoka inali yochepa. Duwa ngakhale limodzi silinayoyoke.

A Zulu anabwera monga ananenera. Ananyamula kadengu kamodzi, anakazunguza, anasuzumira pansi pake. Kuwala kunkadutsa m'mipata ponseponse.

"Ili ndi dengu," anatero.

"Ndi dengu, a Tcheyamani."

"Dengu lilibe mlandu." Analibwezera kumutu kwa bedi ndi manja awo.

Nduna inabwera, inadya nkhuku, inagona, inadzuka bwinobwino. Sinayetsemule n'komwe. Za maluwa sinanene kanthu, ndipo ndikukayika ngati inawaona. A Msiska anamasula tayi madzulo a tsiku limenelo, koyamba chiwadziwireni, n'kundipatsa dzanja. Dzina lija ndilo linatsala. Mpaka imfa yawo, a Zulu akandiona pamsika ankakuwa ali kutali, "A Chidyamakala, mwadya kale?" Ine ndinkayankha kuti ndikudikira njerwa.

Chodabwitsa n'chakuti maluwa anakonda madengu kuposa miphika. Mizu inkatuluka paliponse, makungwa ankauma msanga, kuola kunatheratu. Dengu likafumbwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi yosintha makungwa imakhalanso itakwana. Ndinagwira ndi madengu mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, ndipo aliyense wobwera kudzafunsa ndinkamuuza zoona, kuti nzeru ya makungwa ndi ya Bulaza, ya msuku ndi yanga, ya dengu ndi ya Nabanda. Nachisale nditakawauza kuti miphika yawo ndinaiswa, anati, "Mwachita bwino. Ine tulo sindinkagona nayo."

Pano, nditapuma

Mphika umodzi unapulumuka, chifukwa unali kunyumba kwa apongozi anga kumudzi, muli kamphukira kamene ndinkakalera. Ndi womwe uja uli pakhonde langa, umene zidzukulu ndimaziletsa kuukhudza. Duwa la m'menemo ndi mdzukulu wa maluwa a Bulaza. Muziliyang'anira motere: makungwa a msuku wouma, makala otsuka, madzi a mvula ngati alipo, ndipo musathire musanapise chala.

Tsiku langa likadzafika, musadzavutike kuononga mphika wa mayi anu. Uwu ndi woboola kale, ndinaboola ndekha, ndipo mabowo ake ndi owongoka. Abambo mfumu akadzafunsa, mudzati ndi wa maluwa, simudzakhala mukunama. Koma duwalo mudzayambe mwalichotsamo. Mudzaliviike kaye kuti mizu ifewe, mphika musauswe, mudzalimangirire pa nthambi ya msuku uli kuseri kwa nyumba, mbali yotulukira dzuwa. Wina wa inu adzalimvera chisoni n'kufuna kulithirira dothi lakuda. Mudzamuletse. M'dothi ndikalowamo ndekha.